Makina osemera matabwa amene ankachita chibwibwi: zimene ndinapeza ku Ndirande

Makina amene ndikufotokoza m'lipoti lino ndi CNC router, makina osema matabwa molamulidwa ndi kompyuta, imene anamanga yekha mmisiri wina wa matabwa ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre. Ndi mnyamata wakhama, wopanga zitseko, mitu ya mabedi ndi zikwangwani za magolosale ndi matchalitchi. Ine ntchito yanga ndi yokonza zamagetsi m'makina a m'mashopu ndi m'zigayo. Anandiyimbira foni chakumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo dandaulo lake linali lalifupi: "Madala, makina anga akuchita chibwibwi. Tabwerani mudzawamve nokha."

Mawu akuti chibwibwi anali oyenera ndithu. M'malo moyenda myaa, mutu wa makinawo unkapita, kudodoma, kudumpha, n'kupitanso. Pa thabwa la mlombwa limene ankasemapo maluwa panali timano m'malo onse okhota, ndiponso madontho akuda pamene biti, kachitsulo kozungulira kodulira, inkapsereza thabwa. Bwalo loyenera kutsekeka linkathera pambali pang'ono ndi pamene linayambira. Anali atawononga kale matabwa anayi, ndipo aliyense wodziwa mtengo wa mlombwa masiku ano amvetsa chifukwa chake nkhope yake inali yakugwa.

Ndineneretu kuti vuto silinali limodzi. Analipo atatu, lililonse ndi malo ake ndi nthawi yake yotulukira, koma m'khutu la munthu wotopa onse ankamveka mofanana.

Mmene makinawo anamangidwira

Felemu ndi ya zitsulo za sikweya chubu zowotcherera, ndipo malo ogwirirapo ntchito ndi mamilimita 1,200 m'litali ndi 800 m'lifupi. Gantry, imene ine ndimaitcha mlatho, imayenda kutsogolo ndi kumbuyo pa njanji ziwiri za SBR20. Kumeneko ndiye ku Y, ndipo amaukoka ndi mamota awiri, ina mbali iyi ina mbali inayo. Mutu umayenda pa mlathowo kumanzere ndi kumanja, ku X, n'kumakwera ndi kutsika ku Z. Konseko kuli ma-ball screw a SFU1605, amene amasuntha nati mamilimita 5 akazungulira kamodzi. Mamota ndi ma-stepper a NEMA 23 a masitepe 200 pa kuzungulira kumodzi, olembedwa ma-amp 2.8. Ma-driver, timabokosi topereka magetsi ku mamota, ndi a TB6600 anayi, odyetsedwa ndi power supply ya ma-volt 24. Ubongo wake ndi kabolodi ka Arduino Uno kokhala ndi pulogalamu yoyendetsa makina ya GRBL 1.1h, kolandira G-code, malamulo olembedwa ouza mutu koyenda, kuchokera ku laputopu yakale kudzera pa pulogalamu ya Universal Gcode Sender. Chodulira ndi Makita RT0700C, imene imazungulira kuyambira ka 10,000 mpaka ka 30,000 pa mphindi.

Zipangizozi n'zabwino pa ntchito ya matabwa. Ndikunena zimenezi chifukwa anzake anali atamuuza kale kuti vuto ndi "zinthu zotchipa," ataye zonse agule zina. Sindinagwirizane nazo, ndipo mpaka pano sindigwirizana nazo.

Ndisanakhudze chilichonse ndinamufunsa zimene anayesa kale. Anali atasintha waya wa USB kawiri, atakweza mphamvu ya ma-driver kufika pa ma-amp 3.5, ndiponso atasinthasintha manambala a mu GRBL kwa milungu itatu osalemba akale. Apa m'pamene panandidandaulitsa kwambiri, chifukwa makina osinthidwa paliponse nthawi imodzi sakuuzanso chimene chathandiza ndi chimene chawonjezera moto. Ndinalemba $$ pa kompyuta, lamulo louza GRBL kuonetsa manambala ake, onse anatuluka, ndipo tinawakopera m'kope ndi bolopeni.

Zimene ndinachotsa panjira msanga

Ndinayendetsa fayilo ya maluwa aja m'malere, biti ili pamwamba, Makita ili yozima. Chibwibwi chinali chomwecho. Choncho sichinali chochokera ku phokoso la magetsi limene mota ya mabulashi imaponya m'mawaya, ndipo sichinali cha kulimba kwa thabwa. Ndinaika mita pa power supply makina akuyenda: sinatsike kupitirira ma-volt 23.6. Pa ma-coupler onse, tizitsulo tolumikiza mota ndi sikuluwu, ndinajambula mzere ndi maka kuchokera pa shafti ya mota kufika pa sikuluwu. Ya ku X inapezeka kuti ikutsetsereka pang'ono mutu ukamabwerera. Tinapala kamalo kosalala pa shafti ndi tupa, n'kumanga kabawuti kake pamenepo. Kaphokoso ka "gu" kanatha, koma nkhani yaikulu inali pomwepo.

Mamota anali otentha moti sunkatha kusiyapo dzanja. Ndinazimitsa magetsi n'kutsitsa ma-driver kufika pa ma-amp 2.5. Timasiwichi ta pa TB6600 sitisinthidwa magetsi akuyaka, ndipo waya wa mota sazula driver ili moyo, imapsa pompo.

Vuto loyamba: Arduino inkapemphedwa zoposa msinkhu wake

Ndinapempha mutu kuti uyende mzere wowongoka ku X, pakatikati pa bedi, pa liwiro losiyanasiyana. Pa mamilimita 1,000 pa mphindi unayenda bwino. Pa 2,000 chimodzimodzi. Titadutsa 3,000 mawu a mota anayamba kusasa, ndipo pa 4,000, pamene iye anaika malire a liwiro pa manambala $110 ndi $111 a mu GRBL, mutu unkalira mokukuta n'kumaima panjira.

Nditayang'ana m'kope muja ndinaona $100, nambala ya ma-pulse (timalamulo tamagetsi tosuntha mota) ofunika pa milimita imodzi ku X, ili pa 640. Anaika ma-driver pa microstep 16, kutanthauza kugawa sitepe iliyonse ka 16, poganiza kuti sitepe ikagawidwa kwambiri ndiye kuti ntchito ituluka yosalala kwambiri. Masamu ake ndi awa: masitepe 200 kuchulukitsa ndi 16 ndi ma-pulse 3,200 pa kuzungulira kumodzi, ndipo tikagawa ndi mamilimita 5 tipeza 640 pa milimita iliyonse. Liwiro la 4,000 pa mphindi ndi pafupifupi mamilimita 67 pa sekondi, kutanthauza ma-pulse oposa 42,000 pa sekondi. GRBL pa Arduino Uno imatulutsa bwinobwino ma-pulse pafupifupi 30,000 pa sekondi. Ukaipitiriza pamenepo ma-pulse amatuluka osalongosoka, ndipo mota imaphonya. Ndi 640 ija, denga lenileni la makinawo linali cha m'ma 2,800 pa mphindi.

Tinatsitsa microstep kufika pa 8, n'kulemba 320 pa $100, $101 ndi $102, manambala a X, Y ndi Z. Malire a liwiro ndinawaika pa 3,000, amene amafuna ma-pulse 16,000 okha pa sekondi. Mnyamatayo anada nkhawa: "Koma madala, sizituluka zokhakhala?" Ndinamuonetsa kuti gawo limodzi mwa 320 la milimita ndi pafupifupi 0.003. "Achimwene," ndinatero, "thabwa lanuli limafufuma kuposa pamenepa mvula ikangoyamba kununkhira."

Mizere yowongoka inayenda myaa. Tinasema bokosi laling'ono loyesera pakati pa bedi ndipo linatuluka bwino. Ine ndinanyamula chikwama changa n'kupita, ndili ndi chikhulupiriro kuti ntchito yatha. Kumeneku kunali kulakwa kwanga, ndipo ndikulemba poyera: ndinayesa pakati pa bedi pokha, komanso ndi mizere yowongoka yokha. Patapita masiku awiri foni inalira. Chitseko chachikulu chinali chitapotoka chakumapeto, ndipo maluwa anali ndi timano take monga kale.

Vuto lachiwiri: njanji zimene sizinali kuyenderana

Nditabwerera ndinachita chimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Tinazimitsa magetsi, tinamasula mabawuti olumikiza manati a Y ku mlatho, ndipo ndinakankha mlathowo ndi manja kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kutsogolo unkayenda ndi chala chimodzi. Pakati unalemera pang'ono. Pa mamilimita 300 omaliza ndinachita kuukankha ndi manja awiri ndi chifuwa. Ndinamuuza kuti nayenso akankhe, chifukwa chinthu chimenechi dzanja limachimva msanga kuposa mmene pakamwa pangafotokozere.

Tinadula kandodo kachitsulo kotalika mofanana ndi mpata wa pakati pa njanji ziwirizo kutsogolo. Titakapititsa kumbuyo sikanalowe. Mpata unali utachepa ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Chitsulo chikawotchereredwa chimakoka pozizira, ndipo felemu imene inali yowongoka asanaiwotche imatha kutuluka yopindika pang'ono. Diso siliona, ngakhale tepi imakunamiza ngati suigwira mofanana kawiri konse. Mabering'i a mlatho ankafinyidwa pakati pa njanji zopanikizana, ndipo m'kati mwake munali utuchi wosakanikirana ndi girizi, wouma gwa ngati nsima yagona.

Apa mpofunika kumvetsa khalidwe la stepper. Mota imeneyi siuza Arduino kuti yafika kapena sinafike. Imangolandira ma-pulse. Katundu akailemera kuposa mphamvu yake, imatsetsereka n'kukagwira pa malo otsatira a maginito, ndipo malo amenewo ali patali masitepe anayi athunthu, osati limodzi. Masitepe anayi mwa 200, pa sikuluwu ya mamilimita 5, ndi milimita 0.1. Kudumpha kulikonse kumene tinkamva kumbuyo kwa bedi kunali kutaya 0.1 kapena kuposa, ndipo Arduino inkapitiriza kuwerenga ngati palibe chachitika. Choipa china n'chakuti mamota a Y ndi awiri. Ya kumanja inkaphonya kawirikawiri kuposa ya kumanzere, mlatho n'kupendama, ndipo ukapendama umakakamira kwambiri. N'chifukwa chake bwalo silinkatsekeka. N'chifukwa chakenso kukweza ma-amp kunkaoneka ngati kwathandiza kwa tsiku limodzi: mota inkagonjetsa kukakamirako mwa nkhanza, mpaka kutentha kuifooketse.

Kukonza kunatitengera tsiku lathunthu, ndipo magetsi atathima masana sitinataye kanthu chifukwa ntchito yake inali ya sipanala. Njanji ya kumanzere tinaitenga ngati mwini mudzi. Tinaiwongola ndi ulusi wa nsomba wokokedwa mwamphamvu m'mbali mwake, n'kuimanga kotheratu. Ya kumanja tinaimasula mabawuti onse, tinakulitsa mabowo ake m'mbali ndi tupa yozungulira, kenako tinasiya mlatho weniweniwo kuti uiuze pokhala. Timakankha mlatho kufika pa bawuti yoyamba, kumanga pang'ono, kusuntha kufika pa yachiwiri, kumanganso pang'ono, mpaka kumapeto, n'kubwereranso kawiri tisanalimbitse. Pamene chubu chinali chotsika tinaikapo timapepala tachitsulo todula ku chitini cha zakumwa, timene kunenepa kwake kuli cha m'ma milimita 0.1. Mabering'i tinawatsuka ndi palafini, kuwaumitsa, n'kuthira girizi watsopano.

Manati a Y tinawamanga pomaliza, mlatho uli kufupi ndi mota, chifukwa kumeneko sikuluwu siingapindike kuti ibise cholakwa. Ukamangira nati pakati pa sikuluwu, pamene imagonja mosavuta, umadzaona kukakamira kumapeto. Kenako tinawongola mlatho poyeza makona ndi njira ya 3, 4, 5: mamilimita 600 ku X, 800 ku Y, ndipo mzere wodutsa pakati uyenera kukhala 1,000.

Ndinaika dial indicator, kachipangizo ka singano koyezera kusuntha kochepetsetsa, pa mlatho, mbali ya kumanja, n'kuuyendetsa ulendo wonse wa Y maulendo 20 pa 3,000. Singano inabwerera pamalo pake mosapitirira milimita 0.03.

Vuto lachitatu: fayilo ya mizere ngati mchenga

Ili ndi limene linandigoneka mochedwa, ndipo ndi limene ndikufuna amisiri anzanga alimvetse, chifukwa silioneka ndi sipanala kapena mita. Makina anali atapepuka, mizere yowongoka ikuyenda bwino paliponse, koma tikaika fayilo ya maluwa ija mutu unkayenda monjenjemera m'malo okhota. Tinalamula 1,500 pa mphindi, koma pa kompyuta liwiro linkavina pakati pa 300 ndi 500.

Ndinalemba pamanja mzere umodzi wa G2, lamulo la G-code loyenda mokhota, wojambula bwalo la mamilimita 100 m'mimba mwake. Makina analizungulira mosalala pa 1,500. Ndiye kuti kukhota pakokha sikunali vuto. Ndinatsegula fayilo yake mu Notepad, ndipo munalibe G2 kapena G3 (inzake yokhotera mbali inayo) ngakhale imodzi. Munali ma-G1 okhaokha, malamulo oyenda mowongoka, mizere masauzande ambirimbiri, uliwonse wosuntha mutu pafupifupi milimita 0.05. Anandifotokozera mmene anaipangira: kasitomala anamutumizira chithunzi cha maluwa pa WhatsApp, iye anachilondola ndi Trace Bitmap ya mu Inkscape, n'kuchitulutsa ngati fayilo ya zojambula ya mtundu wa DXF. Pofika ku pulogalamu yopanga G-code, mzere uliwonse wokhota unali utaphwanyidwa kukhala tizidutswa towongoka tochepetsetsa, ndipo anaika tolerance, malire a mmene tizidutswato tingapatukire pa mzere weniweni, yaing'ono kwambiri pofuna ntchito yaukhondo.

Poyamba ndinaganiza kuti USB ikulephera kudyetsa Arduino. Maganizowa anali ndi maziko. Pa baud 115,200, liwiro limene laputopu imalankhulira ndi Arduino, pamadutsa zilembo pafupifupi 11,500 pa sekondi. Mzere umodzi wa G1 uli ndi zilembo pafupifupi 20, choncho mizere yoposa 570 pa sekondi siingadutse. Kuti mutu uyende mamilimita 25 pa sekondi ndi tizidutswa ta 0.05, pamafunika mizere 500. Tinali m'mphepete mwenimweni. Koma sindinafune kuganizira chabe. Ndinaika $10 pa 3 kuti GRBL izinena za buffer yake, mosungira malamulo odikira kugwiridwa. Makina akaima imalemba Bf:15,128, kutanthauza malo 15 opanda kanthu a mizere yokonzekera kuyenda, ndi malo 128 a zilembo zongofika kumene. Fayilo ikuyenda, nambala yoyamba ija inkakhala pa 0 kapena 1 nthawi zambiri. Buffer inali yodzaza. Arduino sinali ndi njala.

Chinsinsi chili pa mmene GRBL imaganizira. Imaona kutsogolo mizere 15 yokha, ndipo nthawi zonse imakonzekera ngati mzere womaliza umene ikuuona ndiwo mapeto a ulendo. Siilola liwiro limene singathe kuima nalo m'kati mwa mtunda umene ikuuona. Zili ngati woyendetsa minibasi usiku nyale zikuwala pafupi: kaya msewu ndi wabwino chotani, wanzeru amathamanga molingana ndi pamene maso akufika. Mizere 15 ya 0.05 ndi milimita 0.75 basi. Pa $120 ndi $121, manambala onena msanga wake wonyamuka ndi woima, mnyamatayo anali atatsitsa kufika pa 50 pofuna kuchepetsa chibwibwi. Kuti uime kuchokera pa mamilimita 25 pa sekondi ndi nambala imeneyo pamafunika mamilimita 6.25. Ndi 0.75 yokha, liwiro lalikulu lololedwa ndi pafupifupi mamilimita 8.7 pa sekondi, kapena kuti 520 pa mphindi. Nambala imeneyi inafanana ndi imene tinkaona pa kompyuta. Ndipo poti tizidutswato sitinali tofanana, tina 0.02 tina 0.1, liwiro linkakwera ndi kutsika kangapo pa sekondi imodzi. Kumeneko ndiye kunjenjemera kuja. Madontho akuda nawo anapeza mwini: biti yozungulira ka 18,000 pa mphindi ikamayenda mwa kamba siidula, imangokhuza, ndipo thabwa limapsa.

Zinandikhudza kuona kuti mankhwala amene anapereka ndi mtima wabwino, kutsitsa $120, ndi amene anakulitsa matendawa. Anatsitsa chifukwa cha njanji zokakamira, ndipo kumeneko kunathandizadi pang'ono, koma m'malo okhota kunaipitsa.

Panalinso nthawi zochepa pamene Bf inkadumpha kufika pa 14 ndipo mutu n'kuima kaye kwa kamphindi. Pamenepo laputopu ndiyo inkatsamwa pojambula chithunzi cha fayilo yaikuluyo. Titatseka zenera la chithunzilo ndi mapulogalamu ena onse, zimenezo zinatha.

Njanji zitamasuka tinatha kukweza $120 ndi $121. Ndinkakweza pang'onopang'ono mpaka mota inaphonya cha m'ma 350, ndipo ndinabwerera kukhazikika pa 200. Pamenepo mtunda woimira pa liwiro lomwe lija ndi milimita 1.6 yokha. $11, yonena za liwiro lodutsira pa makona, ndinaikweza kuchoka pa 0.010 kufika pa 0.020 kuti mutu usamadodome kwambiri pa timakona tosaoneka. 

Koma mankhwala enieni anali mu fayilo. Tinabwerera ku Inkscape, tinachepetsa mfundo za chojambulacho ndi Simplify, ndipo masamba ena amene anaonongeka tinawajambulanso pamanja. Mu pulogalamu ya G-code tinasankha post processor, gawo lolemba G-code yogwirizana ndi makina, ya GRBL yotulutsa G2 ndi G3, n'kukweza tolerance kufika pa 0.02. Anakayikanso, ndipo ndinamuwerengera pa pepala: pa bwalo lotalika mamilimita 50 kuchokera pakati kufika m'mphepete, kachidutswa kowongoka ka milimita imodzi yathunthu kamapatuka pa mzere weniweni ndi milimita 0.0025 yokha. Sandipepa imachotsa zoposa pamenepo ikangodutsa kamodzi. Fayilo yatsopano inatsala ndi mizere yosakwana gawo limodzi mwa magawo 20 a yakale.

Zotsatira ndi zimene zatsala

Tinayesa kaye pa chidutswa cha MDF, titavala zotchinga mphuno chifukwa fumbi lake si losewera nalo, kenako pa mlombwa. Liwiro linakhazikika pa 1,500 m'malo ambiri okhota, n'kumatsika pa makona enieni okha. Timano tinatha, madontho akuda sanaonekenso, ndipo duwa limene linkatenga mphindi zoposa 50 linatha m'mphindi 19. Mamota anali ofunda chabe. M'bokosi la ma-driver tinaikamo fani ya kompyuta yakale, ndipo tinapachika nsalu ya kanvasi m'mbali mwa bedi kuti utuchi usagwere pa njanji.

Ziwiri sizinathe. Ku X kwatsala kampata ka milimita pafupifupi 0.05 mutu ukamabwerera, ndipo ndikukayikira mabering'i a kumapeto kwa sikuluwu, amene tawaitanitsa. Chachiwiri, iye akufuna kuyamba kusema nkhope ndi zithunzi zotukuka, ndipo mafayilo a ntchito imeneyo amakhala a tizidutswa tating'ono mwachibadwa, sungawasandutse onse kukhala G2. Ndamuuza kuti akafika pamenepo asinthe Uno aike bolodi ya ESP32 yokhala ndi pulogalamu ya FluidNC, imene imatha kuwerenga fayilo kuchokera pa khadi ya SD popanda kudalira laputopu, koma mamota, ma-driver ndi felemu azisiye mmene zilili. Manambala atsopano a $$ tawalemba pa tsamba lachiwiri la kope lija, ndi tsiku lake pamwamba, ndipo tagwirizana kuti mvula ikayamba ndidzapitenso ndi kandodo kachitsulo kaja kukayeza mpata wa njanji.